Magetsi a mphepo ya panyanja: bwanji makampani akuthawa ntchito zomwe anapambana okha?

Mwale_Kapata

Akuluakulu, ndithandizeniko. Chichokere chilala cha 2024, pamene ZESCO inkazimitsa malaiti mpaka maola 21 pa tsiku, nkhani ya magetsi a mphepo sichoka pakamwa kuno ku Chipata. Koma zomwe zikumveka kunja zikundisokoneza. Kwa zaka zambiri tinkauzidwa kuti makina oimikidwa m'nyanja yamchere akutchipa chaka ndi chaka. Lero tikumva kuti makampani akuluakulu akuzisiya ntchitozo, ena mpaka kulipira chindapusa kuti atulukemo. Mphepo sagula, ndipo panyanja imaomba kuposa kumtunda. Nanga ndalama zikuthera pati? Chachiwiri, mavutowo ndi a panyanja pokha, kapena adzatipezanso pa makina omwe akhala akukambidwa ku Katete?

aTembo_wa_Msoro

AMwale, ndalama zikuthera ku ngongole. Fakitale ya magetsi ya Maamba imawotcha malasha tsiku ndi tsiku, choncho mtengo wa magetsi ake umayendera malashawo. Pa mphepo ndalama pafupifupi zonse zimatuluka yuniti yoyamba isanagulitsidwe, kenako mumabweza pang'onopang'ono kwa zaka 20 kapena 25. Chimene chimalamula mtengo pamenepo ndi chiwongoladzanja.

Tiyeni tiwerengere, manambala oyerekezera chabe. Tinene kuti megawati imodzi panyanja yadya madola 4 miliyoni. Chaka chili ndi maola 8,760, ndipo malo abwino panyanja amatulutsa pafupifupi 45 peresenti ya mphamvu yomwe makinawo akanatulutsa akanamazungulira mwamphamvu usana ndi usiku. Ndiye kuti megawatiyo ikupatsani mayuniti 3.9 miliyoni pachaka, mayuniti omwewa timagula pa foni. Ngongole ya zaka 25 pa 4 peresenti imafuna madola 256,000 chaka chilichonse, kutanthauza masenti 6.5 pa yuniti. Pa 8 peresenti ifuna madola pafupifupi 375,000, yuniti yafika masenti 9.5. Pa 12 peresenti yuniti ili pa masenti 13. Chitsulo ndi chomwecho, mphepo ndi yomweyo, koma mtengo wawirikiza, ndipo apa sitinaikepo zokonzetsera makina.

Tsopano onani zomwe zinachitika. Mu Novembala 2021 chiwongoladzanja cha banki yaikulu ya ku Britain chinali pa 0.1 peresenti, pofika Ogasiti 2023 chinali pa 5.25. Ku America chimodzimodzi, kuchoka pafupi ndi ziro kumayambiriro kwa 2022 kufika pa 5.25 mpaka 5.5 mu Julayi 2023. Nthawi yomweyo chitsulo, mkuwa ndi mtengo wobwereka sitima zonse zinakwera.

Pamene pali msampha weniweni ndi pa kasainidwe. Boma limaitanitsa makampani kuti apikisane, wotchula mtengo wotsika wa magetsi ndiye wapambana. Mtengowo umamangidwa lero, koma makina, nthambo ndi sitima amazilipira patapita zaka ziwiri kapena zitatu. Zili ngati mlimi wasainirana ndi wogula mtengo wa soya mu Ogasiti, pofika nthawi yodzala n'kupeza mbewu ndi fetereza zakwera kawiri. Akalima aluza, akasiya alipira chindapusa, ndiye amangosankha chopweteka pang'ono.

Ndi mmene zinayendera. Mu 2022 Vattenfall, kampani ya ku Sweden, inapambana ntchito ya Norfolk Boreas ku Britain, mamegawati 1,400, pa mapaundi 37.35 pa mayuniti 1,000, powerengera ndalama za 2012. Mu Julayi 2023 inaimitsa ntchitoyo ponena kuti zinthu zakwera mpaka 40 peresenti. Pa mpikisano wa chaka chomwecho boma la Britain linaika malire a mapaundi 44, ndipo zotsatira zitatuluka mu Seputembala panalibe kampani ngakhale imodzi ya mphepo ya panyanja yomwe inabwera. Linakweza malirewo kufika pa 73, makampani n'kubwerera mu 2024 pa mitengo ya pakati pa 54 ndi 59. Ngakhale zinatero, mu Meyi 2025 Ørsted, kampani ya ku Denmark, inaimitsa Hornsea 4, mamegawati 2,400, yomwe inali itapambana pa mpikisano womwewo.

Ku America zinapweteka kwambiri chifukwa migwirizano yambiri inalibe ndime yokweza mtengo zinthu zikakwera ntchito isanamangidwe. Avangrid inalipira madola 48 miliyoni kuti ituluke mu mgwirizano wa Commonwealth Wind ku Massachusetts, SouthCoast Wind inalipira 60 miliyoni. Kumayambiriro kwa Novembala 2023 Ørsted inataya Ocean Wind 1 ndi 2 ku New Jersey, mamegawati oposa 2,200, n'kulemba m'mabuku ake kuti chuma chake chatsika ndi madola pafupifupi 4 biliyoni. New York inakana kukweza mitengo mu Okutobala 2023, kenako inaitanitsanso mpikisano, Empire Wind 1 n'kubwereranso pa madola 155 pa mayuniti 1,000 m'malo mwa 118. Anthu a kumeneko alipirabe mtengo wokwerawo, atangotaya nthawi.

Kuganiza kwanga, maboma nawo ali ndi mlandu. Anazolowera kuti mtengo uzingotsika, mpaka ena anayamba kulipiritsa makampani kuti apatsidwe malo m'nyanja. Germany mu 2023 inalonjezedwa mayuro 12.6 biliyoni ndi BP ndi TotalEnergies pa malo a mamegawati 7,000. Denmark, dziko lomwe linayambitsa zonsezi ku Vindeby mu 1991, inaitanitsa makampani popanda thandizo la boma, ndipo mu Disembala 2024 sipanaoneke aliyense.

NaPhiri_Injiniya

ATembo afotokoza bwino za ngongole, koma musachoke pano mukuganiza kuti chiwongoladzanja chikatsika ndiye basi zatheka. Madola 4 miliyoni aja ali ndi kumene amapita, ndipo makina enieniwo, mapiko, jenereta ndi mlongoti, safika n'komwe theka la ndalamazo. Zotsalazo zimalowa m'madzi.

Tiyambire pansi. Maziko ofala ndi monopile, chipaipi chachitsulo chotambalala mamita 8 mpaka 10, cholemera matani 1,500 kapena kuposa, chomwe amachikhomera pansi pa nyanja ndi nyundo ya haidiroliki. Asanakhome amaboola pansipo kuti aone dothi, chifukwa mwala umodzi waukulu wobisika ukhoza kupinda mlomo wa chipaipicho. Kukhomako kumachita phokoso lopweteka anamgumi ndi nsomba. Germany inaika malire a madesibelo 160 pa mtunda wa mamita 750, ndiye pamafunika sitima ina yopopa mpweya kuti thovu lizungulire chipaipicho. Kugombe la kumpoto chakum'mawa kwa America saloledwa kukhoma kuyambira Januwale mpaka Epulo chifukwa cha anamgumi. Mukaphonya nyengo yanu mudikira chaka china, ngongole ikubala.

Madzi akazama kupitirira mamita 50 kapena 60, monopile siigwiranso, pamafunika makina oyandama omangidwa ndi maunyolo. Hywind Scotland, ya makina asanu, inayamba mu 2017 ndipo mphepo imaigwira bwino kwambiri, koma mu 2024 makina onsewo anachita kukokedwa mpaka ku Norway kuti akakonzedwe. Ganizirani mtengo wa ulendo umenewo.

Kenako sitima. Yoimika makina ili ndi miyendo yomwe imatsikira pansi pa nyanja n'kunyamula sitima yonse pamwamba pa mafunde, kuti kireni isagwedezeke ikamakweza katundu wa matani mazanamazana kupitirira mamita 100 m'mwamba. Makina a ku Vindeby anali a makilowati 450 okha. Lero ndi a mamegawati 14 kapena 15, ndipo anakula mofulumira kuposa mmene sitima zinkamangidwira. Sitima zokwanitsa kunyamula makina atsopanowa n'zowerengeka, zimabukidwa zaka zingapo pasadakhale, ndipo ntchito imodzi ikachedwa, yotsatira nayo yachedwa. Kusowa sitima chinali chimodzi mwa zomwe Ørsted inatchula pa Ocean Wind. America ili ndi mtolo wina, lamulo la Jones Act la 1920, loti katundu woyenda pakati pa madoko a dzikolo anyamulidwe ndi sitima yomangidwa konko. Dominion Energy inachita kumanga yake, Charybdis, pa madola oposa 700 miliyoni. Ena amaimika sitima yachilendo panyanja n'kumaitumizira zipangizo pa mabaji, zomwe zimafuna nyanja yabata kawiri, pochoka ndi pofika.

Mphepo yomwe mukuifunayo ndi yomwenso imaimitsa ntchito. Phiko silikwezedwa mphepo ikalimba, ndipo boti wamba lonyamula amisiri silifika pa mlongoti mafunde akapitirira mita imodzi ndi theka. Fyuzi ya ndalama zochepa ikhoza kuimitsa makina a mamegawati 14 kwa sabata, m'nyengo yozizira yomwe magetsi akanagulitsidwa kwambiri.

Nthambo ndiye zimaliritsa a inshuwalansi kuposa china chilichonse. Pakati pa makina pamayenda za 66 kV, kupita ku sabusiteshoni yomangidwa panyanja pomwepo, kuchoka apo za 220 kV kapena kuposa kupita kumtunda. Malo akatalikira kwambiri, ngati Dogger Bank yomwe ili makilomita oposa 130 kuchokera kugombe, magetsi amawasandutsa kukhala DC, oyenda mbali imodzi ngati a batire, ndipo sabusiteshoni yochitira zimenezo ndi chinyumba chonse chachitsulo. Nthambo amaikwirira mita imodzi kapena iwiri mumchenga, koma mchenga wa pansi pa nyanja umayenda, nangula wa sitima amakoka, makoka a asodzi amakola. Mu 2021 Ørsted inapeza kuti chotchingira nthambo pamene imalowera mu monopile chikukhuzika pa miyala yomwe anathira kuti madzi asakokolole maziko, ndipo inayerekeza kuti kukonza malo okwana khumi kungadye mpaka makrona 3 biliyoni a ku Denmark. Nthambo yaikulu yopita kumtunda ikaduka, makina onse amakhala chete miyezi, podikira sitima ndi chidutswa cholumikizira. Ku Riffgat, Germany, makina 30 anatha kumangidwa mu 2013 nthambo isanafike, chifukwa panjira yake anapezapo zipolopolo ndi mabomba a nkhondo yachiwiri. Anachita kuwayendetsa ndi jenereta ya dizilo kuti asachite dzimbiri.

Mapiko nawo. Nsonga ya phiko imathamanga pafupifupi makilomita 300 pa ola, ndipo pa liwiro limenelo madontho a mvula amadya m'mphepete mwake mpaka penti n'kusupuka, mphamvu n'kutsika. Mu Julayi 2024 phiko la mamita 107 linathyoka ku Vineyard Wind ku America, zidutswa zake n'kukafika pa magombe a Nantucket. GE Vernova, kampani yopanga makinawo, inati vuto linali kumata kosakwanira ku fakitale, boma linaimitsa ntchito, ndipo mapiko ena anachita kuyezedwanso limodzilimodzi. Ine ndimaona kuti opanga makina anathamangira kutulutsa zazikulu asanaphunzire bwino pa zomwe anali nazo kale.

Chomaliza, makina amaberana mphepo. Akutsogolo akaigwiritsa ntchito, akumbuyo amalandira yofooka ndi yosokonezeka. Mu 2019 Ørsted inatsitsa chiyembekezo cha magetsi ake pa chifukwa chimenechi. Peresenti imodzi kapena ziwiri zikuoneka zochepa, koma paja phindu la ntchito yopambanidwa pa mtengo wofinyika limakhala m'maperesenti omwewo.

Zulu_Mtenguleni

Amayi NaPhiri, mwatiopseza mokwanira. Koma ngati zili zovuta choncho, bwanji China ikumangabe? Ndiye ife nyanja yamchere tilibe, koma Kariba tili nayo, nthambo zazikulu zilipo kale pa Siavonga. Sangaimike makina pamadzi pamenepo?

NaPhiri_Injiniya

AZulu, China ili ndi pafupifupi theka la makina onse a mphepo ya panyanja padziko lapansi. Chitsulo, makina, nthambo ndi sitima zonse n'zakwawo, omanga ambiri ndi makampani a boma obwereka ku mabanki a boma pa chiwongoladzanja chotsika, ndipo ndondomeko sisintha ndi chisankho. Yerekezani ndi America, komwe mu 2025 boma linaimitsa Empire Wind mu Epulo n'kuilolanso mu Meyi, kenako n'kuimitsa Revolution Wind mu Ogasiti itamangidwa kale pafupifupi 80 peresenti, mpaka khoti linalowererapo. Wobwereketsa akaona zimenezo amawonjezera chiwongoladzanja pa ntchito yotsatira, tabwereranso ku masamu a aTembo.

Za Kariba iwalani. Makina a m'nyanja zosakhala zamchere alipo, monga Windpark Fryslân ku Netherlands, makina 89 mu IJsselmeer, koma madzi a kumeneko ndi akuya mamita ochepa chabe, sakwera kapena kutsika kwambiri, ndipo mafakitale ndi madoko ali pafupi. Kariba ndi chigwa chomizidwa, malo ena kuya kwake kumayandikira mamita 100, pansi pali mitengo yakale, madzi amakwera ndi kutsika mamita angapo malinga ndi mvula, ndipo palibe njira yoti sitima ya miyendo ija ifikireko. Chifukwa chopitira panyanja ndi kusowa malo kumtunda ndiponso mphepo yamphamvu ya m'nyanja yaikulu. Kuno malo tili nawo, ndipo mphepo yabwino ili pa zitunda, osati m'chigwa cha Zambezi. Mu Africa monse mulibe malo a mphepo ya panyanja omwe akugwira ntchito, ngakhale ku South Africa komwe gombe ndi lalitali ndipo makina a kumtunda ndi ambiri.

Banda_Chadiza_Road

Ndiyankheko funso lachiwiri la aMwale, la ku Katete, komwe Mphepo Power yakhala ikukonzekera ntchito yake ya Unika. Za sitima, mchere ndi nthambo za pansi pa madzi sizitikhudza. Za ngongole zikutikhudza kuposa azungu aja.

Makina a kumtunda ndi otchipa kwambiri. Tiyerekeze madola 1.5 miliyoni pa megawati, ndi mphepo yotulutsa 35 peresenti, ndiye mayuniti pafupifupi 3.1 miliyoni pachaka. Pa 12 peresenti kwa zaka 25 yuniti ikubwera pa masenti 6 ndi pang'ono, zokonzetsera zisanalowe. Koma mphepo ikapereka 25 peresenti yokha, yuniti yomweyo yayandikira masenti 9. N'chifukwa chake banki siyang'ana mapu a pa intaneti. Imafuna mlongoti woyezera mphepo pamalo enieniwo, wotalika mamita 80 kapena kuposa, wokhala ndi zoyezera pa misinkhu ingapo, kwa chaka chathunthu, makamaka zaka ziwiri. Mphamvu ya mphepo imakwera mochulukitsa liwiro katatu: ya mamita 9 pa sekondi ili ndi mphamvu yoposa katatu ya mamita 6. Kulakwitsa theka la mita poyeza kumatha kupha ntchito yonse. Onjezani kuti tili pamtunda wa mamita opitirira 1,000, mpweya wathu ndi wopepuka ndi 10 peresenti kapena kuposa poyerekeza ndi wa kugombe, ndiye pamafunika mapiko aatali kuti agwire mphamvu yofanana.

Mapiko aataliwo ndiwo sitima yathu ya miyendo. Phiko la mamita 70 kapena 80 silipindika ndipo simungalidule pakati ponyamula. Lichoke ku doko la Beira, lidutse Tete, lilowere pa Chanida, kapena lichoke ku Nacala kudzera ku Malawi ndi pa Mwami. Khona lililonse, mlatho uliwonse ndi nthambo iliyonse yodutsa pamwamba pa msewu ziyenera kuyezedwa mtengo wa magetsi usanasainidwe. Kireni yokweza jenereta pamwamba pa mlongoti imabwera m'zidutswa pa malole ambiri, kawirikawiri kuchokera ku South Africa, ndipo giyabokosi ikafa chaka chachisanu, kireniyo muitanitsanso. Misewu ya kumunda ndi maziko a konkire zimangidwe mvula isanagwe, apo ayi lole ya matani 100 ititimira pa dambo.

Nthambo yaikulu ndiye mwayi wathu, popeza ya 330 kV yochokera ku Pensulo kudzera ku Msoro kufika ku Chipata ilipo kale. Chofunika ndi kachidutswa kolumikizira ndi sabusiteshoni, ndipo mgwirizano unene momveka kuti womanga ndani, ndiponso wolipira ndani zikachedwa. Kenya inapsa pamenepa. Lake Turkana Wind Power, makina 365 a kumtunda, mamegawati 310, inatha kumangidwa mu 2017, koma nthambo ya makilomita oposa 400 yopita ku Suswa inatha mu Seputembala 2018, kontirakita wa ku Spain, Isolux, atagwa m'ngongole. Dziko linalipira magetsi omwe silinalandire.

Vuto lalikulu ndi wogula. Ngongole ya makina ili m'madola, ZESCO imatolera makwacha. Mu 2017 dola inali pafupi ndi K10, kumapeto kwa 2024 inapitirira K27. Dziko linalephera kulipira ngongole ya Eurobond mu Novembala 2020, ndipo ZESCO inakhalapo ndi ngongole yaikulu kwa Maamba. Wobwereketsa amakumbukira zonsezo. Masenti 6.02 omwe Neoen inapambanira pa Bangweulu Solar mu 2016 anatheka chifukwa World Bank ndi nthambi yake ya IFC anaima kumbuyo ndi chikole ndi ngongole yotchipa. Popanda chikole chotero, kapena mgodi wosaina kugula magetsiwo m'madola, musayembekezere mtengo wofanana nawo.

Ubwino umene sindikuutsutsa ndi wa nyengo. Mphepo yathu imalimba m'chilimwe, kuyambira cha mu Julayi mpaka Okutobala, nthawi yomwe madzi a Kariba ndi Itezhi-Tezhi akutsika, ndipo imaombanso usiku pamene sola yagona. Yuniti iliyonse ya mphepo ndi madzi osungidwa m'damu.

aTembo_wa_Msoro

ABanda, ndiwonjezere zoyang'ana mgwirizano wogula magetsi ukafika ku ERB, bungwe loyang'anira za magetsi. Mtengo ukhale ndi ndime yousintha pakati pa tsiku losaina ndi tsiku lomwe mabanki atulutsa ndalama, yotsatira mtengo wa chitsulo ndi chiwongoladzanja, ndipo igwire mbali zonse, zikatsika nafenso titsitsiridwe. Pakhale tsiku lomaliza loti kampani ikhale itapeza ndalama, likadutsa malo ndi chilolezo cholumikizira ku nthambo zibwerere, kuti wina asagwire chitunda zaka khumi ali ndi pepala lokha. Chikole chomwe kampani imaika popikisana chikhale chachikulu ndithu. Ku Massachusetts madola 48 miliyoni anali ochepa poyerekeza ndi zomwe akanaluza pomanga, n'chifukwa chake kuchoka kunali kophweka. Ndipo ndime ya magetsi omwe makina akanatulutsa koma ZESCO yalephera kuwalandira iwerengedwe mosamala: maola angati pachaka omwe ZESCO ingakane osalipira, ndipo mphepo ya maola amenewo ayeza ndani, ndi chida chiti.